Achimwene anga aitanidwa kukaphunzitsa mpira ku Zambia: kodi asiye ntchito ya boma?

NaMbewe_Kamwendo:
Moni nonse a pagulu lino. Ndabwera ndi nkhani imene yatisowetsa mtendere pabanja pathu, ndipo ndikupempha maganizo kwa inu amene mumatsatira mpira mwakuya. Achimwene anga ndi mphunzitsi wa pulayimale m'boma lathu lino la Mchinji, koma kwa zaka zambiri akhala akuphunzitsanso mpira, kuyambira matimu a ana a sukulu mpaka timu ya akuluakulu ya m'dera lathu. Chiphaso chawo cha ukochi ndi cha CAF C, chochokera ku bungwe loyendetsa mpira mu Africa la CAF. Mwezi wathawu kunabwera anthu ochokera ku timu ina ya ligi yaing'ono ya m'chigawo cha kummawa kwa Zambia, ndipo akuwafuna kuti akakhale kochi wamkulu kwa chaka chimodzi. Malipiro amene atchula ndi oposa amene amalandira kuboma, komanso alonjeza nyumba. Vuto ndi lakuti kuti apite ayenera kusiya ntchito ya sukulu, pomwe iwowo ndiwo mwinimbumba kwathu, ndipo ana anga ndi a mng'ono wanga amadalira iwo pa nkhani ya fizi. Mtima wawo uli kale ku Zambia, ndipo akunena kuti kochi amene sanatulukepo kunja sawerengedwa. Kodi ntchito imeneyi kunja imayenda bwanji kwenikweni? Nanga alipo Amalawi amene inawayendera bwino, oti munthu angatengerepo chitsanzo?

WakuMkanda:
Asasiye ntchito ya boma chifukwa cha kontirakiti ya chaka chimodzi. Kochi amachotsedwa timu ikangogonja masewero angapo otsatizana, ndipo ntchito imeneyi ilibe penshoni.

SapotaWakale_Boma:
Mayi NaMbewe, funso lanu lachiwiri lili ndi yankho. Alipo ndithu, ndipo woyamba kumutchula ndi John Maduka. Koma ndikupempha kuti tione njira imene anadutsa, osati pamene anafika pokha. Maduka anachoka kuno ngati wosewera, atadziwika kale ku Silver Strikers ndi ku Flames, ndipo ku South Africa anasewera ku Bush Bucks kenako ku Bloemfontein Celtic. Atasiya kusewera sanapatsidwe timu nthawi yomweyo. Anakhala zaka zambiri ku Celtic komweko ngati manejala wa timu, pambuyo pake anayamba kuphunzitsa mothandizana ndi Lehlohonolo Seema, ndipo mpando wa kochi wamkulu unamupeza mu 2020 Seema atapita ku Chippa United. M'chaka chimenecho anafikitsa Celtic m'mafainolo awiri, ya Nedbank Cup imene anagonja 1-0 ndi Mamelodi Sundowns, ndi ya MTN8 imene anagonja 2-1 ndi Orlando Pirates, ndipo anachita zimenezi timuyo ili pa mavuto a zachuma amene aliyense ankawadziwa. Mu 2021 malo a Celtic mu ligi anagulitsidwa, timu inasamukira ku KwaZulu-Natal n'kukhala Royal AM, iye anapita nayo limodzi, ndipo anamaliza nayo pa nambala 3 mu ligi ya 2021/22.

Chimene ndikufuna muone ndi chakuti pamene Maduka ankapatsidwa udindowo, anthu a ku Bloemfontein anali atamudziwa kwa zaka zoposa khumi. Ankadziwa khalidwe lake, osewera ankamulemekeza, ndipo masapota ankamuona ngati mwana wa pakhomo. Patrick Mabedi naye chimodzimodzi: anali kaputeni wa Kaizer Chiefs asanakhale wothandizira kochi kumeneko, ndipo mu 2018 Steve Komphela atatula pansi udindo, ndiye amene anagwirizira mpando. Achimwene anu akupita kumalo kumene palibe amene anawaonapo akusewera, ndipo kusiyana kumeneku si kwakung'ono.

Chimwemwe_Kapiri:
Bambo SapotaWakale, mwalongosola bwino, koma mwaima pokomera. Nkhani ya Maduka ili ndi mbali ina imene mayiwa ayenera kuimva. Atachoka ku Royal AM mu 2022 anapita ku Maritzburg United, ndipo sanathe ngakhale theka la ligi. Anabwerera ku Royal AM, ndipo timuyo inaletsedwa ndi FIFA kulemba osewera atsopano chifukwa cha ngongole ya wosewera Samir Nurković, moti ankadalira anyamata ang'onoang'ono. Mu 2025 timuyo inachotsedwa mu ligi yaikulu ya ku South Africa ya PSL italephera kukwaniritsa masewero ake. Palibe anganene kuti Maduka sadziwa ntchito, koma zimene zinagwetsa timuyo zinachitikira mu ofesi, osati pabwalo. Ngati zimenezi zimachitika mu ligi yolemera ngati ya ku South Africa, kuli bwanji ku ligi yaing'ono kumene timu yonse imadalira thumba la munthu mmodzi?

MnyamataWaWaliranji:
Ine sindikugwirizana ndi mantha amene akuonekera pano. Kodi tikufuna makochi athu akalambire pa mabwalo a fumbi a m'midzi mpaka liti? Pitso Mosimane akadaopa kuchoka kwawo, sakadapambana chikho cha CAF Champions League kawiri ndi Al Ahly ya ku Egypt. Florent Ibenge wa ku DR Congo anakatenga chikho cha Confederation Cup ndi RS Berkane ya ku Morocco mu 2022. Anthu amenewa anatuluka, ndipo lero dzina lawo likudziwika mu Africa yense. Malume a ana anu apite, mayi, mwayi wotere subwera kawiri.

WakuMkanda:
Achimwene a ku Waliranji, Mosimane anapita ku Egypt atapambana kale Champions League ndi Sundowns mu 2016. Anaitanidwa chifukwa cha zimene anali atachita kwawo. Sitingamuyerekeze ndi munthu wa CAF C amene akupita ku ligi yaing'ono.

MnyamataWaWaliranji:
Ndiye tiyeni titenge munthu amene anayambira pansi. Tonse a kuno kumalire tinaonera Zambia ikutenga chikho cha Africa mu 2012 itagonjetsa Ivory Coast pa mapenate ku Libreville. Kochi wake Hervé Renard sanali wosewera wotchuka kwawo ku France. Ankaphunzitsa timu yaing'ono uku akuyendetsa bizinesi yoyeretsa m'nyumba, anachotsedwapo ntchito ku Cambridge United ku England, ndipo ku Africa anadziwika atabwera ngati wothandizira Claude Le Roy ku Ghana. Atapambana ndi Zambia anakapambananso ndi Ivory Coast mu 2015, ndipo mu 2022 Saudi Arabia yake inagonjetsa Argentina 2-1 pa World Cup. Munthu ameneyu akadamvera malangizo ngati anuwa, bwenzi pano palibe akumudziwa.

AphunzitsiOpuma_Tembwe:
Mwana wanga wa ku Waliranji, chitsanzo cha Renard ndi chabwino, ndipo ndikuvomereza kuti munthu angathe kuyambira pansi. Koma taona bwino mbiri imene waifotokozayo. Renard anayenda pambuyo pa munthu wodziwika amene anamutsegulira makomo, ndipo anavomera kukhala wothandizira kaye asanakhale wamkulu. Funso limene ndingawafunse achimwene a mayi NaMbewe ndi ili: kodi ku Zambiako kuli ndani amene adzawaimire zinthu zikadzavuta? Kodi anthu amene anabwera kudzawaitanawo ndi eni timu, kapena ndi amkhalapakati amene akufuna kupezapo kangachepe?

Ndikufunanso kunena za ntchito ya boma, popeza ndinagwira ntchito ya uphunzitsi mpaka kupuma. Malipiro ake ndi ochepa, tonse tikudziwa, koma amabwera, ndipo pamapeto pake pali penshoni. Munthu akatula pansi udindo, kubwereranso n'kovuta kwambiri masiku ano, pamene aphunzitsi ambiri amene anamaliza maphunziro awo amadikira nthawi yaitali kuti alembedwe. Asanalembe kalata yosiya ntchito, apite kaye ku ofesi ya maphunziro ya boma lino akafunse ngati n'kotheka kupatsidwa tchuthi chosalipidwa, ndipo yankho lake alitenge lolembedwa. Ngati atawalola, nkhani yonseyi isintha maonekedwe, chifukwa adzapita akudziwa kuti ali ndi pobwerera.

NaMbewe_Kamwendo:
Zikomo bambo a ku Tembwe. Za tchuthi chosalipidwa sitinaziganizire, ndipo ndiwauza madzulo ano. Amene anabwera ndi awiri, mmodzi anati ndi mlembi wa timu, winayo ndi mnzawo wa achimwene amene amachita geni ku Chipata. Mwini timu sanakumane naye, angolankhulana pa foni. Kontirakiti akuti akasainira komweko akafika.

ZaMalamulo_Magawa:
Mayi, mawu omalizawo ndi amene andidetsa nkhawa kuposa zonse zimene zanenedwa pano. Kontirakiti iyenera kutumizidwa kuno, aiwerenge ali pakhomo pawo, asanasiye chilichonse. Munthu amene wafika kale kuchilendo, katundu ali m'manja, ntchito atasiya, alibe mphamvu yokana chimene amuikira patebulo.

Ndifotokoze pang'ono zimene malamulo a FIFA amanena, chifukwa makochi ambiri sazidziwa. Kuyambira mu 2021, FIFA inaika malamulo apadera oteteza makochi amene akugwira ntchito m'dziko la eni. Timu ikalephera kulipira malipiro a miyezi iwiri, kochi amalemba kalata yoichenjeza ndi kuipatsa masiku osachepera 15 kuti ilipire, ndipo ikapanda kutero, ali ndi ufulu wothetsa kontirakiti n'kukadandaula ku bwalo la FIFA loweruza milandu ya mpira. Kochi salipira ndalama kuti mlandu wake umvedwe, koma dandaulo liyenera kuperekedwa zisanathe zaka ziwiri. Timu ikagamulidwa kuti ilipire koma osalipira, imaletsedwa kulemba osewera atsopano, monga mmene a Chimwemwe afotokozera za Royal AM.

Koma pali mfundo ziwiri zofunika kusamala. Yoyamba ndi yakuti chitetezo chimenechi chimagwira ntchito pamene pali umboni wa mgwirizano, wosonyeza udindo, malipiro ndi nthawi yake. Malonjezo a pa foni ndi ovuta kuwatsimikizira. Yachiwiri ndi yakuti malamulowa amanena za matimu amene amatengedwa kuti ndi a pulofeshonolo, ndipo timu ya ligi yaing'ono ya m'chigawo ikhoza kusakhala m'gulu limenelo. Zikatero, kochi amatsala ndi mabwalo a milandu a dziko limenelo, kumene iye ndi mlendo. Choncho afunse momveka bwino kuti timuyo imasewera mu ligi iti, ndipo inalembetsedwa motani ku bungwe la mpira la ku Zambia la FAZ.

Chimwemwe_Kapiri:
Ndiwonjezere nkhani ya chilolezo chogwirira ntchito. Ife a kuno tinazolowera kuwoloka pa Mwami kupita ku Chipata ngati tikupita kumsika, chilankhulo ndi chimodzi, achibale ali mbali zonse ziwiri, moti timaiwala kuti ndi dziko lina. Kulowa ngati mlendo ndi kugwira ntchito yolipidwa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Chilolezocho amayenera kuchipempha ndi olemba ntchito, ndipo ngati timuyo ikuzengereza pa nkhani imeneyi, ndiye kuti tsiku limene adzasemphane maganizo, kusowa kwa chilolezo kudzakhala chida chowaopsezera nacho.

KochiWaAna_Nkhwazi:
Ndiloleni ndifotokoze zimene zinachitikira msuweni wanga, amene anakaphunzitsa timu ina yaing'ono m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Poyamba zinthu zinkayenda bwino kwambiri. Mwini timu anali munthu wa bizinesi wokonda mpira, anamupatsa nyumba, malipiro ankabwera pa nthawi yake, ndipo timu inkapambana. Vuto linayamba pamene bwanayo anayamba kumutumizira mayina a osewera oti ayambe masewero, kuphatikizapo ana a anzake amene sankabwera n'komwe ku mapulakatisi. Msuweni wanga atakana, sanamuchotse ntchito poyera, koma malipiro anayamba kuchedwa, mwini nyumba anayamba kubwera kudzafunsa lendi, ndipo misonkhano ya akuluakulu a timu inkachitika m'Chipwitikizi, chimene iye ankangomva mwa apo ndi apo. Pamapeto pake anabwerera yekha, ndalama zake zambiri zitatsalira komweko.

Komabe sindikufuna kuti nkhaniyi imveke ngati ndikuletsa. Munthuyo anabwerako atasintha. Anaphunzira kukonza ndondomeko ya mapulakatisi ya sabata yonse, anaona mmene anzathu amasamalira nkhani ya zakudya ndi kupuma kwa osewera, ndipo ana amene akuwaphunzitsa pano akusewera mpira wooneka kuti uli ndi mutu. Iye mwini amanena kuti ndalama anataya, koma sadandaula kuti anapita. Kusiyana kwake ndi achimwene a mayi NaMbewe ndi kwakuti iye analibe ntchito ya boma yoti asiye, ndipo munda wake wa mtedza ndi soya unkalimidwa ndi abale nthawi yonse imene anali kunja.

SapotaWakale_Boma:
Mawu a achimwene anu akuti kochi amene sanatulukepo sawerengedwa akundiwawa, chifukwa muli choonadi china mkati mwake. Taonani mbiri ya Kinnah Phiri. Mu 2004 anafikitsa Bakili Bullets mu ndime ya magulu ya CAF Champions League atatulutsa Orlando Pirates, chinthu chimene sichinali chapafupi kwa timu ya ku Malawi. Koma udindo umene anadziwika nawo kwambiri ku Flames anaulandira mu 2008 akuchokera ku Free State Stars ya ku South Africa. M'chaka chomwecho tinagonjetsa Egypt 1-0 ku Blantyre ndi chigoli cha Chiukepo Msowoya, ndipo mu 2010 anatitengera ku Angola ku mpikisano wa Africa Cup of Nations, umene tinali titaupitako komaliza mu 1984. Tonse tikukumbukira 3-0 imene tinapatsa Algeria ku Luanda. Atachotsedwa ku Flames mu 2013 anabwereranso ku Free State Stars, ndipo anakaphunzitsanso Mbeya City ku Tanzania. Mabedi naye anapatsidwa Flames mu 2023 atabwera ndi mbiri ya ku South Africa. Zikuoneka kuti akuluakulu a mpira kuno amayamba kumukhulupirira munthu akaona kuti akunja amukhulupirira.

NyaBanda_Ludzi:
Ndipo akapanda kupeza Mmalawi wochokera kunja, amatenga mlendo weniweni. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma ife mwambi umenewu tinaupitiriza muyeso. Amene anatifikitsa ku mpikisano wa Africa Cup of Nations wa ku Cameroon anali Meck Mwase, koma mpikisano utayandikira udindo unaperekedwa kwa Mario Marinica wa ku Romania. Marinica atadwala Covid-19, Mwase ndiye anakhala pa benchi pamene tinagonjetsa Zimbabwe 2-1 ndi zigoli za Gabadinho Mhango. Nanga zinthu zikamatero, tingawadzudzule bwanji makochi athu akamaganiza kuti ulemu uli kunja?

WakuMkanda:
Mayi a ku Ludzi, si alendo onse amene amabwera ndi dzina lokha. Kalisto Pasuwa anabwera kuchokera ku Zimbabwe mu 2018 atatenga kale ligi kanayi motsatizana ndi Dynamos, komanso atapita ndi timu ya dziko lake ku Gabon mu 2017. Ku Bullets anatenga ligi chaka ndi chaka mpaka 2023, ndipo pambuyo pake anapatsidwa Flames. Ameneyu ndi kochi amene akugwira ntchito kunja kwa dziko lake, ndipo tikumuona ndi maso athu. Chimene chinamuthandiza ndi chakuti anabwera ndi mbiri, anapeza timu yokhala ndi wothandiza wodalirika amene amalipira pa nthawi yake, ndipo anapatsidwa nthawi.

NyaBanda_Ludzi:
Za Pasuwa sindikutsutsa, ntchito yake ikuoneka. Chimene ndikunena ndi chakuti kochi wa kuno sapatsidwa nthawi ndi zipangizo zimene mlendo amapatsidwa, kenako timanena kuti walephera.

AphunzitsiOpuma_Tembwe:
Nkhani ya makochi achilendo ku Flames ndi yaitali, ndipo ingatitengere sabata yathunthu. Tiyeni tibwerere kwa mayi amene afunsa, chifukwa iwo akufuna chochita. Komabe kuchokera pa zimene a ku Mkanda anena za Pasuwa, pali phunziro limene likuwakhudza achimwene awo mwachindunji. Kochi wochokera kunja amayembekezeredwa kuchita zoposa mwini dziko. Zambia ili ndi makochi ambiri odziwa ntchito, ena a iwo anasewerapo mpira wapamwamba, ndipo alipo amene akusowa timu. Timu ikadumpha onsewo n'kutenga Mmalawi, makochi a komweko ndi masapota adzakhala akufunsa kuti munthuyu wabweretsa chiyani chimene ife tilibe. Akangogonja masewero awiri pakhomo, funso limenelo lidzafunsidwa mokweza. Achimwene anu adzifunse moona mtima ngati ali nalo yankho lake, komanso afufuze chifukwa chimene kochi amene analipo anachokera.

KochiWaAna_Nkhwazi:
Mfundo yomalizayo ndi yofunika kwambiri. Makochi timadziwana, ndipo kupeza amene anachoka pa timuyo n'kosavuta kwa munthu amene ali ndi anzake ku Chipata. Amufunse zinthu ziwiri zokha, ngati anamulipira zonse, ndiponso ngati ankasankha yekha osewera.

Ndinenenso za chiphaso, popeza ndi nkhani imene ndimaitsatira. Ziphaso za CAF zimayambira pa D, kenako C, B, A, mpaka Pro. CAF C ndi yabwino pophunzitsa achinyamata ndi matimu a m'ligi zazing'ono, koma munthu amene akufuna kuti ukochi ukhale ntchito ya moyo wake sangaime pamenepo. Timu imene ikusewera m'mipikisano ya CAF imafunika kochi wamkulu wa chiphaso cha A kapena Pro. Tiyerekeze kuti zinthu zawayendera bwino ku Zambia, timu yakwera ligi. Chikhoza kuchitika n'chakuti malamulo a ligi yapamwambayo adzafuna chiphaso choposa chimene ali nacho, ndipo timu idzalemba munthu wina, iwo n'kutsitsidwa kukhala wothandizira pa timu imene aikweza okha. Zimenezi timaziona ngakhale kuno kwathu matimu akalowa mu Super League. Maphunziro a B ndi A sachitika kawirikawiri, ndipo malo amakhala ochepa, choncho munthu amene ali kunja akhoza kuphonya mwayi bungwe la mpira la kuno la FAM likaitana mayina. Ine ndikadakhala iwo, ndikadalimbana kaye ndi kupeza CAF B, kapena ndikadapempha kuti m'kontirakitimo alembemo kuti timu idzawalola kupita ku maphunziro akapezeka, ndi kuwathandiza ndalama zake.

MnyamataWaWaliranji:
Zimene mwanena za chiphaso ndazimva, ndipo ndi zoona. Koma ndikufunsabe kuti ngati adikira mpaka zonse zikhale bwino, adzapita liti? Kuno ku Mchinji kochi amagula yekha mpira, amalipira yekha galimoto yopita ku masewero, ndipo palibe wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre amene amabwera kudzaona ntchito yake. Matimu akuluakulu amangosinthana anthu omwewo. Kwa munthu wa kumudzi ngati ameneyu, khomo la ku Zambia likhoza kukhala lokhalo limene lingatseguke.

ZaMalamulo_Magawa:
Achimwene, pamenepa mukunena zoona, ndipo sindikuganiza kuti alipo pano amene akuti asapite konse. Tikusiyana pa kapitidwe kake. Ndikufuna ndiwonjezere za ndalama, chifukwa mayi anena kuti malipiro ndi oposa a kuboma. Kwacha yathu inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, choncho ndalama iliyonse ya kunja ikasinthidwa imaoneka yambiri. Koma munthuyo adzadya ndi kugula zinthu pa mitengo ya ku Zambia, adzakhala ndi makomo awiri oti awasamale, ndipo adzafunika kuyenda pakati pa mayiko awiriwa pakagwa maliro kapena matenda. Awerengere zimene zidzatsale m'manja, osati chiwerengero chimene chatchulidwa. Afunsenso ngati malipiro amaperekedwa miyezi yonse 12 kapena nthawi ya ligi yokha, chifukwa matimu ang'onoang'ono ambiri salipira ligi ikatha. Bonasi ya masewero, ndalama yosainira, amene adzalipire lendi, magetsi ndi chipatala, zonsezi zilembedwe. Chachikulu pa zonse, mulembedwe ndalama imene adzalandire ngati timu itawachotsa chaka chisanathe.

NaMbewe_Kamwendo:
Ndawawerengera achimwene zonse zimene mwalemba, ndipo tinakhala pansi pamodzi ndi alamu anga, akazi awo. Poyamba anakhumudwa poganiza kuti tikuwatsekereza, koma atamva za chiphaso ndi za kontirakiti anakhala chete kwa nthawi. Avomera kulembera timuyo kuti itumize kontirakiti kuno, ndipo Lolemba apita ku ofesi ya maphunziro. Chimene sanavomere ndi chodikira CAF B, akuti sakudziwa kuti maphunzirowo adzachitika liti, ndipo zaka zikupita. Alamu anga nawo ali ndi nkhawa yawo imene palibe anaitchula pano: kodi apite nawo limodzi ndi ana, kapena atsale?

NyaBanda_Ludzi:
Alamu anu atsale kaye ndi ana, mayi. Kusamutsa ana pasukulu chifukwa cha ntchito imene ikhoza kutha pakati pa chaka n'kuwasokoneza, makamaka ngati alipo amene akuyandikira mayeso a Sitandade 8 kapena a Fomu 4, popeza maphunziro a kumeneko ndi osiyana ndi athu. Ubwino wake ndi wakuti kummawa kwa Zambia si kutali, munthu angathe kubwera kudzaona banja ligi ikapuma. Koma nkhani ya mbumba muikambirane poyera tsopano lino, onse amene amadalira iwo alipo, kuti aliyense adziwe kuti fizi idzachokera kuti ngati malipiro atachedwa miyezi iwiri kapena itatu. Asanyamuke atasiya nkhani imeneyi m'malere, chifukwa kochi amene foni yake ikulira ndi mavuto a kumudzi sangakhazikike pa ntchito.

WakuMkanda:
Ine maganizo anga sanasinthe. Ngati tchuthi chosalipidwa chakanika, asapite. Timu ya ligi yaing'ono si yoyenera kuisiyira penshoni.

SapotaWakale_Boma:
Pamenepa ndisiyana nanu pang'ono, a ku Mkanda. Ngati tchuthi chakanika, pali njira ina imene sitinaikambe. Awapemphe eni timuwo kuti ayambe ndi mgwirizano waufupi pa nthawi ya holide yaitali ya sukulu, akathandize kukonzekeretsa timu ligi isanayambe, ali ndi chilolezo choyenera cha nthawi yochepa. Ligi yaikulu ya ku Zambia imayamba cha mu August, nthawi imene sukulu zathu zimakhala zitatsekera, ndipo afunse ngati ligi ya timuyo imatsatira kalendala yomweyo. M'masabata amenewo adzamuona mwini timu maso ndi maso, adzadziwa ngati osewera amalipidwa, adzaona nyumba imene alonjezayo, ndipo nawonso eni timu adzaona ntchito yawo. Mayi NaMbewe, kontirakiti ikafika musaitumize yonse pagulu pano chifukwa muli mayina a anthu, koma mutilembere ndime zokhudza malipiro, chilolezo ndi kuchotsedwa ntchito, kuti a ku Magawa aziunike.

ZaMalamulo_Magawa:
Ndidzaziona ndithu. Muonetsetsenso kuti pa tsamba lomaliza pali dzina ndi udindo wa munthu amene akusainira timuyo, komanso chidindo chake, ndipo achimwene anu asunge kope yawo yosainidwa ndi mbali zonse ziwiri.